Mmene Mungatcherere Foni Yanu Kuti Isamakuthobweni M'maso Usiku

Aliyense amene anayankhapo uthenga pakati pa usiku, magetsi atazima kapena ali kale m'neti, amadziwa mmene sikirini yoyera imathobwera m'maso. Mafoni ambiri a masiku ano ali ndi njira zochepetsera vutoli, koma anthu akayesa kuzigwiritsa ntchito zinthu zimawasokonekera. Wina amayatsa chinthu cholakwika, nkhope za anthu pa zithunzi n'kumaoneka ngati mizukwa. Wina sikirini yake imasanduka yachikasu usana ndi usiku, mpaka amanyamula foniyo kupita nayo kwa okonza mafoni poganiza kuti yawonongeka. Wina amadetsa foni yonse koma akatsegula Facebook amapeza kuti ikadali yoyera mbee.

Gwero la chisokonezochi ndi lakuti pali zinthu ziwiri zosiyana zimene anthu amaziyesa chimodzi. Choyamba ndi Dark mode, imene imasintha malo oyera a sikirini kukhala akuda, zilembo n'kukhala zoyera. Chachiwiri ndi sefa ya kuwala kwa buluu, imene sidetsa chilichonse koma imachepetsa mtundu wa buluu m'kuwala kwa sikirini, motero zonse zimaoneka zachikasu pang'ono ngati pepala lowerengedwa pa nyali ya palafini. Zinthu ziwirizi zimayatsidwa pa malo osiyana, ndipo zimathandiza pokhapokha zitaikidwa kuti ziziyaka ndi kuzima zokha pa nthawi yake, komanso kuwala kwa sikirini kutachepetsedwa.

## Zofunika kukhala nazo musanayambe

- Foni ya Android 10 kapena yoposera apo, kapena iPhone ya iOS 13 kapena yoposera apo. Dark mode ya foni yonse inayamba ndi mitundu iwiriyi mu 2019. Sefa ndi yakalepo, chifukwa inafika pa iPhone mu 2016 ndi iOS 9.3, choncho foni yakale ikhoza kukhala ndi sefa koma yopanda Dark mode.
- Nthawi imene mumagona ndi imene mumadzuka masiku ambiri, osati imene mumalakalaka mutamagona.
- Chipinda chamdima choyeseramo. Ntchitoyi ichitidwe madzulo, chifukwa masana simungathe kuweruza bwino mulingo wa kuwala ndi wa chikasu.
- Magalasi anu, ngati mumavala powerenga.

Simukufunika kugula bandulo kapena kuika pulogalamu yatsopano, popeza zonse zili kale m'kati mwa foni.

## Gawo loyamba: kukonza maziko

1. Onani mtundu wa Android kapena iOS umene uli m'foni yanu. Tsegulani Settings, tsikirani pansi penipeni ndi kukhudza About phone, kenako yang'anani pamene palembedwa Android version. Pa Samsung nambalayi ili m'kati mwa Software information. Pa iPhone lowani mu Settings, kenako General, kenako About.

2. Tsimikizani kuti wotchi ya foni ikulondola. Mu Settings funani Date and time, ndipo muyatse kuti foni izitenga yokha nthawi kuchokera ku netiweki. Pa iPhone malo ake ndi General, kenako Date & Time, kenako Set Automatically. Chenjezo: mafoni otumizidwa ndi achibale kuchokera ku Britain, kapena ogulidwa atagwirapo kale ntchito ku Dubai, nthawi zina amafika ali pa nthawi ya dera la kumeneko, ndipo mwiniwake watsopano amangokonza maola ndi manja osasintha dera. Dziko la Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa onse ali m'dera limodzi la nthawi lotchedwa GMT+2, ndipo foni iyenera kusonyeza zimenezo.

## Gawo lachiwiri: kuyatsa Dark mode

3. Pezani malo ake. Pa Samsung lowani mu Settings, kenako Display, ndipo pamwamba muona zithunzi ziwiri, china cholembedwa Light china Dark, khudzani Dark. Pa mafoni a Nokia, Motorola ndi Pixel dzina lake ndi Dark theme, ndipo lili mu Display momwemo. Pa iPhone lowani mu Display & Brightness ndi kusankha Dark. Mafoni a Tecno, Infinix ndi itel amasinthasintha kaikidwe ka zinthu malinga ndi chaka chimene foniyo inatuluka, choncho njira yosataya nthawi ndi kulemba mawu akuti "dark" m'kabokosi kofufuzira kamene kali pamwamba pa Settings.

Chenjezo lalikulu lili pano. Pofufuza mungakumane ndi mawu akuti Colour inversion, kapena Classic Invert pa iPhone, m'gawo la Accessibility. Chimenechi si Dark mode. Chimatembenuza mitundu yonse, kuphatikizapo ya zithunzi ndi mavidiyo, ndipo ndicho chimachititsa kuti nkhope zizioneka zabuluu ndi mano akuda. Ngati munachiyatsa mwangozi, chizimitseni musanapitirire.

4. Ikani nthawi yoti iziyaka ndi kuzima yokha. Pa Samsung khudzani Dark mode settings, kenako Turn on as scheduled. Pa mafoni ena a Android khudzani mawu akuti Dark theme enieniwo, osati kabatani ka pambali pake, ndipo muona Schedule. Pa iPhone yatsani Automatic, kenako khudzani Options.

Foni idzakufunsani kuti musankhe pakati pa Sunset to sunrise, kutanthauza kuyambira kulowa kwa dzuwa kufikira kutuluka kwake, ndi Custom schedule, kumene mumalemba nokha maola. Njira yoyambayo imafuna kuti Location ikhale yoyatsa kuti foni idziwe kumene muli, ndipo anthu ambiri amaizimitsa pofuna kusunga moto wa batire, kenako n'kumadabwa kuti foni sikusintha madzulo. Kwa munthu wokhala ku Lilongwe kapena ku Chipata, kumene dzuwa limalowa cha m'ma 6 koloko chaka chonse ndipo kusiyana kwa nyengo yozizira ndi yotentha sikufika ola lathunthu, ine ndimalangiza Custom schedule, kuyambira 18:00 mpaka 05:30. Amene ali ku London kapena ku Dublin asankhe Sunset to sunrise, chifukwa kumeneko dzuwa limalowa cha m'ma 4 koloko masana mu December koma mu June limafika 9 koloko usiku lisanalowe.

Mukamalemba maola, onetsetsani ngati foni yanu imawerenga maola 24 kapena imagwiritsa ntchito AM ndi PM. Kusinthanitsa ziwirizi kumachititsa kuti foni izida masana n'kumayera usiku.

5. Lowani m'mapulogalamu amene akukana kuda. Mapulogalamu ena ali ndi makonzedwe awoawo ndipo satsatira foni mpaka mutawauza. Pa WhatsApp ya Android lowani mu Settings, kenako Chats, kenako Theme, ndi kusankha System default. Pa Facebook khudzani Menu, kenako Settings & privacy, kenako Dark mode, ndi kusankha System. Pa YouTube njira yake ndi Settings, General, Appearance, ndipo pa Chrome ndi Settings kenako Theme. Paliponse sankhani mawu osonyeza kutsatira foni, osati Dark kapena On, chifukwa mukasankha Dark pulogalamuyo idzakhala yakuda ngakhale dzuwa lili paliwombo, ndipo ndondomeko ya nthawi imene mwaika m'sitepe yachinayi idzakhala yopanda ntchito pa pulogalamu imene mumaitsegula kwambiri.

Dziwaninso kuti masamba ambiri a pa intaneti ndi makalata a PDF amakhalabe oyera ngakhale Chrome itada, popeza mtundu wa tsamba amasankha ndi eni tsambalo. Pa masamba oterowo mpamene sefa ndi kuchepetsa kuwala zimagwira ntchito yaikulu.

## Gawo lachitatu: kuyatsa sefa ya kuwala kwa buluu

6. Dziwani dzina limene kampani ya foni yanu inapatsa sefayi. Apa ndi pamene anthu ambiri amagwa ulesi, chifukwa kampani iliyonse inatchula mwa njira yake. Pa iPhone ndi Night Shift. Pa Pixel, Nokia ndi Motorola ndi Night Light. Pa Samsung zatsopano ndi Eye comfort shield, pomwe pa zakale ndi Blue light filter. Pa Redmi ndi Xiaomi ndi Reading mode, pa Huawei ndi Eye comfort, ndipo pa Tecno ndi Infinix kawirikawiri ndi Eye care. Zonsezi zimapezeka m'gawo la Display. Ngati simukuiona, lembani "eye", "night" kapena "blue" m'kabokosi kofufuzira.

7. Ikani nthawi yake payokha. Nthawi imene munaikira Dark mode sikhudza sefa, choncho muyenera kuikanso Schedule m'kati mwa sefayo. Yambitsani sefa maola awiri kapena atatu nthawi yanu yogona isanakwane, ndipo izizima nthawi imene mumadzuka. Munthu wogona 9 koloko aiyambitse 18:30 kapena 19:00. Pa iPhone, Night Shift imabwera italembedwa kale 22:00 mpaka 07:00, nthawi imene ndi yochedwa kwa mlimi, mphunzitsi kapena wamalonda amene pofika 10 koloko usiku amakhala atagona kale ndipo 5 koloko m'mawa ali pa mapazi, choncho isintheni. Musadalirenso batani lakuti Manually Enable Until Tomorrow, chifukwa limagwira ntchito usiku umodzi wokha.

8. Sankhani mulingo wa chikasu. Pansi pa sefa pali kamzere kokoka, kolembedwa Intensity, Colour temperature, kapena Less Warm ndi More Warm. Pa Samsung kamzereka kamaoneka mukasankha Custom m'malo mwa Adaptive. Zimitsani nyali ya m'chipinda, tsegulani tsamba loyera la mawu ambiri, ndipo mukokere kamzereko pakati. Werengani kwa mphindi ziwiri kapena zitatu musanaweruze, pakuti maso amazolowera msanga ndipo chikasu chimene poyamba chimaoneka chonyansa chimayamba kuoneka ngati pepala wamba. Mukakokera kumapeto kwenikweni zilembo zimayamba kuzimiririka, mumayamba kutsinzinira kuti muwerenge, ndipo phindu lonse limatayika.

## Gawo lachinayi: kuchepetsa kuwala kwenikweniko

Mwa zonse zimene zili m'malangizo ano, gawo ili ndi limene maso anu adzalimva kwambiri, ngakhale kuti ndi limene anthu amalilumpha. Sikirini yakuda ndi yachikasu koma yowala mpaka kumapeto imathobwabe.

9. Yatsani kuwala kodzisintha kokha. Mu Display yatsani Adaptive brightness, kapena Auto-brightness. Pa iPhone batani limeneli linabisidwa mu Accessibility, m'kati mwa Display & Text Size, pansi penipeni. Foni imayeza kuwala kwa pamalo pogwiritsa ntchito kadiso kakang'ono kamene kali kumtunda kwa sikirini, pafupi ndi kamera yakutsogolo, ndipo kadisoka kakaphimbidwa ndi fumbi, kava yothina kapena galasi lotetezera losamatidwa bwino, kuwala kumayamba kusinthasintha mosadziwika bwino. Pukutani malowo ndi kansalu kofewa.

10. Tsitsani kuwala kuposa pamene kamzere kamathera. M'chipinda cha mdima wa ndiweyani, ngakhale mulingo wotsikitsitsa wa mafoni ena umakhala wowalabe. Mafoni a Android 12 kupita m'tsogolo ali ndi Extra dim m'gawo la Accessibility, ndipo pa Samsung ili m'kati mwa Vision enhancements kapena Visibility enhancements. Pa iPhone yatsani Reduce White Point mu Display & Text Size. Chenjezo: Extra dim ndi Reduce White Point zikaiwalika zili zoyaka, m'mawa mukatuluka panja sikirini imaoneka ngati yazima, ndipo kupeza batani lozimitsira padzuwa kumakhala kovuta. Zikakuchitikirani, lowani m'nyumba kapena phimbani foni ndi dzanja.

11. Ikani mabatani pafupi. Kokani kuchokera pamwamba pa sikirini kawiri, khudzani kachizindikiro ka pensulo kapena madontho atatu, ndipo mukokere mabatani a Dark mode, sefa ndi Extra dim pa tsamba loyamba. Pa iPhone tsegulani Control Centre ndi kukanikiza kamzere ka kuwala osachotsa chala. Mabatani a Dark Mode ndi Night Shift adzatulukira pansi pake. Izi zimathandiza pamene mukufuna kuzimitsa sefa mwachangu kuti muone mtundu weniweni wa chinthu.

12. Kulitsani zilembo pang'ono. Zilembo zoyera zazing'ono pa malo akuda zimavuta kuwerenga kuposa zakuda pa malo oyera, choncho mu Display kwezani Font size ndi sitepe imodzi.

## Kodi batire lidzakhalitsa?

Yankho likudalira mtundu wa sikirini. Pa sikirini ya OLED kapena AMOLED kadontho kalikonse kamadziwalira kokha, ndipo kakafunika kuoneka kakuda kamangozima, motero moto umasungika. Pa sikirini ya LCD pali nyali imodzi kuseri imene imayaka nthawi zonse, kaya tsamba ndi loyera kapena lakuda, choncho Dark mode sipulumutsa moto woti n'kuuwerengera. Mafoni ambiri otsika mtengo, monga a itel, Tecno Pop, Tecno Spark ndi Samsung Galaxy A04 kapena A05, ali ndi LCD, chimodzimodzinso iPhone XR, iPhone 11 ndi iPhone SE. Kuti mudziwe ya foni yanu, tsegulani chithunzi chakuda bii m'chipinda chamdima: ngati sikirini ikuoneka yotuwa ndipo ikuwalabe, imeneyo ndi LCD.

Ngakhale pa OLED phindu lake lili ndi malire. Akatswiri a pa yunivesite ya Purdue ku America anapeza mu 2021 kuti kuwala kukakhala pakati pa 30 ndi 50 peresenti, Dark mode imapulumutsa moto wa pakati pa 3 ndi 9 peresenti yokha, ndipo imafika pa 39 mpaka 47 peresenti pokhapokha kuwala kuli pa 100 peresenti. Kwa munthu amene akusunga moto pa tsiku limene magetsi azima kuyambira m'mawa, kutsitsa kuwala kumathandiza pa sikirini ya mtundu uliwonse.

## Zolakwika zimene anthu amachita kawirikawiri

Kusiya Dark mode yoyaka masana panja. Padzuwa sikirini yakuda imasanduka ngati kalilole, ndipo munthu amaona nkhope yake m'malo mwa uthenga. Wogulitsa pamsika, wakabaza kapena wothandiza anthu kutumiza ndalama pa foni pansi pa ambulera amakakamizika kukweza kuwala mpaka kumapeto, ndipo kuwerenga nambala molakwika kumakhala kosavuta. Masana zilembo zakuda pa malo oyera ndi zimene zimawerengeka bwino.

Kusankha katundu kapena kukonza zithunzi sefa ili yoyaka. Sefa imasintha mitundu imene inu mukuona, koma sisintha chithunzicho, ndipo amene mwamutumizira amachiona m'mitundu yake yeniyeni. Mayi amene akusankha chitenje cha pa ukwati kapena cha bungwe la kutchalitchi kudzera pa zithunzi za pa WhatsApp usiku akhoza kuona buluu ngati wobiriwira, choyera ngati chachikasu, kenako n'kukangana ndi wogulitsa katundu atafika. Telala, wojambula zithunzi ndi wogula penti azizimitsa sefa kaye asanagamule za mtundu.

Kuika pulogalamu ya sefa yochokera kwina pomwe foni ili nayo kale. Mapulogalamu oterewa amagwira ntchito poyala mtundu pamwamba pa sikirini yonse, ndipo amapempha chilolezo chotchedwa Display over other apps. Chifukwa akuba a pa intaneti amagwiritsanso ntchito njira yomweyo yophimba sikirini, Android nthawi zina imakana kuti mukhudze batani la Install kapena Allow pamene sefa yotereyi ili yoyaka, ndipo mapulogalamu ena a mabanki amakana kugwira ntchito. Ambiri mwa mapulogalamuwa amadzazanso zotsatsa malonda zimene zimadya bandulo. Ngati foni yanu ndi yakale kwambiri moti ilibe sefa yakeyake, tengani pulogalamuyo ku Play Store kokha, ndipo muziizimitsa musanalowe mu pulogalamu iliyonse ya ndalama.

Kukakamiza mapulogalamu onse kuti ade. Mafoni a Xiaomi ndi ena ali ndi batani lodetsa ngakhale mapulogalamu amene sanapangidwe kuti azida. Zotsatira zake nthawi zina zimakhala zilembo zakuda pa malo akuda, moti ndalama zotsala mu akaunti kapena mawu a pa fomu saoneka. Pulogalamu ikayamba kutero, ichotseni pa mndandanda wa zodetsedwa mokakamiza.

Kudabwa foni ikada yokha batire likatsala pang'ono. Pa mafoni ambiri a Android, Battery saver ikayaka imayatsanso Dark theme, ndipo batani lake limakana kusintha mpaka mutazimitsa Battery saver kapena mutatchaja foni. Kumeneku si kuwonongeka.

Kulimbikira Dark mode pamene maso akukana. Sikirini ikada mwana wa diso amakula kuti alandire kuwala kochuluka, ndipo kwa anthu ena, makamaka amene ali ndi vuto la maso limene madokotala amalitcha astigmatism, zilembo zoyera zimaoneka ngati zili ndi nkhungu m'mbali mwake. Ngati ndinu mmodzi wa iwo, bwererani ku Light, musiye sefa yoyaka ndi kuwala kotsika.

Kuyesa kuti sefa ndi mankhwala a maso. Bungwe la madokotala a maso ku America, American Academy of Ophthalmology, limanena kuti palibe umboni wakuti kuwala kwa buluu kochokera pa sikirini kumawononga maso. Kutopa, kuuma ndi kuyabwa kwa maso kumadza makamaka chifukwa munthu akayang'anitsitsa sikirini amaphethira mochepa kuposa masiku onse. Chothandiza ndi kupumitsa maso: pakatha mphindi 20 zilizonse, yang'anani chinthu chimene chili pa mtunda wa mamita 6 kwa masekondi 20, ndipo musamagwirire foni pafupi kwambiri ndi nkhope. Ngati mutu ukupweteka tsiku ndi tsiku, kapena zilembo zikuoneka ziwiriziwiri, pitani mukayezetse maso ku chipatala cha boma chapafupi, kapena ku zipatala za maso monga ya Lions Sight First ku Queen Elizabeth mu mzinda wa Blantyre ndi ya ku Nkhoma.

Kuganiza kuti sefa ikayaka munthu akhoza kukhala pa foni mpaka pakati pa usiku n'kugonabe bwino. N'zoona kuti kuwala kwa buluu ndi kumene kumachedwetsa kwambiri melatonin, homoni imene thupi limatulutsa kukada kuti tulo tibwere, ndipo n'chifukwa chake makampani anapanga sefazi. Komabe akatswiri a pa yunivesite ya Brigham Young ku America, mu kafukufuku amene anatuluka mu 2021, anagawa achinyamata 167 m'magulu atatu, ena ogwiritsa ntchito iPhone ndi Night Shift asanagone, ena opanda Night Shift, ndi ena osagwira foni n'komwe, ndipo sanapeze kuti Night Shift inawonjezera kapena kukometsa tulo. Mkangano wa pa gulu la WhatsApp la kumudzi kapena vidiyo yotsatana ndi inzake zimadzutsa maganizo ngakhale sikirini ikhale yachikasu chotani. Ngati cholinga chanu ndi tulo, lowani mu Digital Wellbeing pa Android ndi kutchera Bedtime mode, imene imaletsa mauthenga kulira ndipo ikhoza kuchotsa mitundu yonse pa sikirini nthawi yogona ikakwana. Pa iPhone chofanana nacho ndi Sleep, m'gawo la Focus. Mukatero, itcherani kuti iyambe theka la ola nthawi yanu yogona isanafike, ndipo foniyo muziiika patebulo kapena pampando kunja kwa neti.